Chiwongolero Chinauma pa Kona ya Kumanda

Inu owerenga, ndiyambe ndi kunena kuti galimoto yanga ya magetsi sindigulitsa. Amene mukudikira kuti ndilire, ndinene kuti ndinalakwa kugula galimoto yosamwa petulo kuno ku Rufunsa, pezani mthunzi wabwino mukhale pansi, chifukwa mudikira mpaka mango adzapsenso. Galimotoyo sinandilakwire kanthu. Zimene zinandigwetsa ndi tinthu tiwiri tating'ono: msomali umodzi ndi lilime langa. Tiwiri timeneti tinatsala pang'ono kuthamangitsa amalume anga pamudzi pamene anabadwira, atangoika kumene mkazi wawo m'manda. Ndikulemba kuti wina asadzapunthwe pa chitsa chomwechi.

Ine ndine munthu wa malonda. Ndili ndi kashopu pa boma, m'mbali mwa msewu waukulu wopita kum'mawa, ndipo ndimagulitsa chilichonse chimene chalola kugulitsidwa: shuga, mafoni akale, machubu a njinga, mbewu, mapoto. Anzanga amati ndikhoza kugulitsa bulangete kwa munthu wa kuchigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala, iye n'kundithokoza. Sindikana. Chiyambire pamene Rufunsa inakhala boma payokha, kunabwera ogwira ntchito za boma ochokera ku Lusaka ndi kwina, ndipo malonda anga anaona kuwala pang'ono. Ndiye tsiku lina ndili ku Lusaka kokaoda katundu, ndinaiona itaima kumapeto kwa malo ogulitsira magalimoto, yafumbi, yakalekale, aliyense akuilambalala ngati ili ndi mphere. Ndinanenerera mtengo mpaka wogulitsayo anavula jekete, kenako anamasula tayi, kenako anandipatsa makiyi kuti ndingomuchokera pamaso.

Kuno anandilandira ndi kuseka. Makondakitala a maminibasi anaitcha firiji ya mawilo. Ndikamadutsa ankakuwa kuti, "Ba bosi, foni yanu mwachaja?" Ine ndinkangoimika dzanja, chifukwa iwo ankapita kukakangana ndi mtengo wa mafuta, ine ndinkangolumikiza waya pakhoma la shopu malaiti akabwera. Moto wake unkakwana kupita kumudzi kwathu, cha ku Mpanshya, n'kubwerako bwinobwino. Vuto linali nkhuku zokha, zimene sizinkaimva ikubwera.

Kumudziko kuli amalume, mlongo wawo wa malemu amai anga. Ndi okonza njinga, ndipo ali ndi pakamwa pakuthwa kuposa lumo. Sanazolowere kusekerera munthu. Tsiku loyamba kuiona galimotoyo, anaizungulira manja ali kumbuyo, anthu atadzaza, n'kunena kuti, "Chinthu choyenda mwakachetechete ngati fisi sindichikhulupirira. Tsiku lina chidzakana kukhota, mphwanga, udzandikumbukira." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, ndikuwayankha kuti tsiku limenelo ndidzabwereka njinga yawo. Koma kwathu mawu satayika. Pali anthu amene amawatola n'kuwasunga pa tsindwi.

Pano ndikuuzeni chinthu chimene ine ndinachiphunzira mochedwa. Galimoto ya magetsi ili ndi mabatire awiri. Pali lalikulu limene limagona pansi, loyendetsa mawilo. Palinso laling'ono mu boneti, lofanana ndi la galimoto ina iliyonse. Ine m'mutu mwangamu ndinkati laling'onolo ndi la wailesi ndi hutala basi, chokongoletsera. Munthu amene ali ndi nkhokwe yodzaza sawerengera kathumba ka ufa. Maganizo anga anali amenewo.

Ndiye akazi awo a amalume, ba Esinati, anamwalira. Anadwala nthawi yaitali, anagona kuchipatala, anabwera kunyumba, anabwereranso, mpaka Mulungu anawatenga. Inu mukudziwa mmene maliro amayendera kwathu. Aliyense amabweretsa chimene ali nacho, osafunsidwa kawiri. Wa ngolo amabweretsa nkhuni, wa mipando amabweretsa mipando, wa mgolo amatunga madzi. A kwaya anabwera ndi sipika yawo koma yopanda moto, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine, mwini galimoto ya magetsi. Ungakane bwanji pamaliro a akazi a amalume ako? Ndinatsegula boneti, ndinamasula batire laling'ono lija, ndinalinyamula ndekha monyadira kukaliika pa sipika.

Linagwira ntchito batire limenelo, inu. Linaimbitsa kwaya, linayatsa mababu, ndipo aliyense wobwera pamaliro anali ndi foni yakufa imene inafunika kudzutsidwa. Pofika tsiku loika maliro, sipika inkalira ngati chule wa chimfine, kenako inangoti zii. Batire linali litakamidwa mpaka dontho lomaliza.

Pobwezera m'galimoto ndinapeza kuti nati yomangira kachitsulo kogwira mutu wa batire, kamene amakanika amati teminolo, yagwera mumchenga. Tinafufuza, sitinaipeze. Ine ndine munthu wosasowa nzeru, paja ndakuuzani. Ndinatola msomali, ndinaulowetsa pakati pa teminolo ndi mutu wa batire, ndinaukhoma ndi mwala, ndinagwedeza n'kuona kuti zagwira. Galimoto inakana kuyaka. Pamenepo mpamene munthu wanzeru akanadzifunsa kuti, ngati kabatire aka n'kachabe, bwanji galimoto yonse yagona chifukwa cha iko? Ine sindinadzifunse. Tinatenga moto pa vani ya munthu wina wobwera pamaliro, galimoto inayaka, anthu anawomba m'manja, ndipo ndinaiwala za msomali uja ngati mmene umaiwalira dzina la munthu amene wamugulitsa kale katundu.

Msewu wochoka kumudzi kwathu umatsika pang'ono, uli ndi timabampu tija togwedeza mano, ndiye umakhota mwamphamvu kuzungulira mtengo waukulu wa mubanga. Kuseri kwa mtengowo ndi kumanda. Sungadutse pamenepo mothamanga, uyenera kuchepetsa liwiro n'kupotoza chiwongolero kwambiri. Ulendo woyamba nditachoka kumaliro, nditafika pakonapo, chiwongolero chinauma. Sichinatsekeke ayi, koma chinalemera ngati ukupotoza khosi la ng'ombe yamphongo. Kanyali kachikasu kokhala ndi chithunzi cha chiwongolero kanayaka, wailesi inakhala chete. Ndinalimbana nacho ndi manja onse awiri, ndinakhota, ndipo nditafika pa tala zonse zinabwerera mwakale. Ulendo wotsatira, chimodzimodzi. Pa tala bwinobwino, pa kona ya kumanda kuuma.

Apa mpamene lilime linalowa ntchito. Ndinafotokoza nkhaniyi pashopu, ndipo ndinaona kuti anthu asiya kutuluka. Mawa lake anabwera ndi anzawo. Munthu sangaime m'shopu mwako nthawi yaitali osagula ngakhale kabokosi ka machesi. Ndinazindikira kuti ndapeza katundu wosafuna kuoda ku Lusaka, ndiye ndinayamba kuthira mchere. Ndinati pakonapo pamawomba kamphepo kozizira. Ndinati tsitsi limaima. Za wailesi yokhala chete zinali zoona, ndipo ndinkazinena motsitsa mawu kuti zikome. Tsiku lina mai wina anafunsa kuti, "Kodi si amalume anu aja ananena kuti idzakana kukhota?" Onse anatembenukira kwa ine. Ine ndikanatha kuseka n'kunena kuti mudala uja amanyoza chilichonse, ngakhale mvula. Sindinatero. Ndinamwetulira, ndinakweza mapewa, n'kunena kuti ine sindinatchule munthu.

Inu owerenga, kumwetulira kumeneko kunafika kumudzi ine ndisanafike.

Kenako zinthu zinasiya kuseketsa. Mkazi wanga, amake Misozi, ndi mphunzitsi pa pulayimale, ndipo amayendetsa bwino kuposa ine, ngakhale sindinena zimenezi iwo ali pafupi. Loweruka lina anatenga galimoto kukapereka ndiwo ndi sopo kwa amalume, mwana wathu Misozi atakhala kumbuyo. Ndinali nditawauza kuti pakonapo angolimbitsa manja. Tangoganizani, langizo la mwamuna wamkulu. Pobwerera, chiwongolero chinawaumira pakati pa kona, galimoto inapitirira, inalowa m'tchire n'kukaima pa chulu. Mwayi wake ankayenda pang'onopang'ono. Misozi anamenyetsa kukamwa pa mpando n'kung'ambika mlomo, ndipo anthu amene anathamangira kumeneko anapeza mwana ali magazi, masitepe ochepa kuchokera pamanda atsopano a ba Esinati.

Ba Yotamu, mlongo wawo wa malemu ba Esinati, sanafunenso umboni wina. Musawaone ngati munthu woipa. Anali ndi mlongo mmodzi yekhayo, anamuona akutha pang'onopang'ono, ndipo mtima wawo unkafuna munthu woti umuloze. Anati malemu akugwira galimoto pamanda kuti aonetse amene anawadya, ndipo munthu amene analosera kuti idzakana kukhota akudziwa chimene anachita. Abale anagwirizana kuti Lamlungu la sabata yotsatira, akatuluka m'tchalitchi, adzakhale pansi, atumize munthu kukatenga sing'anga, ndipo amalume akapezeka ndi mlandu achoke pamudzi. Inu ndi ine tikudziwa kuti sing'anga amene walipiridwa ulendo sabwerera osapeza mfiti.

Kunyumba amake Misozi sanandikalipire mokweza. Akanatero bwenzi zili bwino. Ankapukuta mlomo wa mwana ndi kansalu, osandiyang'ana, n'kunena kuti, "Atate a Misozi, shuga wayenda bwanji sabata ino? Nkhani ija ikugulitsabe?" Ndinasowa poika maso.

Ndinakwera minibasi, ndinatsika pamphambano, ndinayenda wapansi kukaona amalume. Pakhomo pawo, pamene nthawi zonse pamakhala njinga zogonekedwa mawilo m'mwamba, panalibe njinga ngakhale imodzi. Ana ankalambalala bwalo lawo. Ndinawapeza atakhala pa kampando, akumata chigamba pa chubu chimene sichinabooke. Sanadzutse mutu.

"Wabwera kudzaona mfiti, mphwanga?" anatero. "Kuona n'kwaulere, kapena wayamba kale kudulitsa matikiti?"

Ndinayesa kunena kuti ine sindinatchule dzina lawo. Anandiyang'ana kamodzi kokha. "Galu amene wakodzera pakhomo nayenso satchula dzina," anatero, n'kubwerera ku chubu chawo. Munthu ameneyu ndi amene anandilipirira sukulu amai atamwalira, pomata machubu omwewa. Pobwerera ndinadutsa pa kona ija wapansi. Panalibe kamphepo kozizira. Kunali kutentha basi, ndi mbuzi ziwiri.

Pamenepo ndinalumbira kuti Lamlungu lisanafike ndipeza chimene chavuta galimoto, ngakhale ndiiphwasule mpaka pa mawilo.

Ndinayamba ndi makanika wa pamsewu pa boma. Anatsegula boneti molimba mtima, anati chiwongolero chikauma ndiye kuti mafuta ake atha, nkhani yaing'ono. Anafufuza kabotolo kothira mafutawo, kumanzere, kumanja, osakapeza. Kenako ndinaona akutsegula ka mafuta a mabuleki, botolo lofiira la mafuta a chiwongolero lili m'manja. Ndinamugwira dzanja ngati wakuba pamsika. Mvetserani bwino apa: chiwongolero cha galimoto ya magetsi sichimwa mafuta. Chimapepuka chifukwa cha kamota ka magetsi kamene kamakuthandiza kupotoza. Munthu akakuuzani kuti athire mafuta, tsekani boneti, muthokozeni, muzipita.

Tinaona matayala, chifukwa tayala lopanda mpweya nalonso limalemeretsa chiwongolero. Limodzi linali lofooka, tinalipopa, koma kusintha kwake kunali kochepa. Tinaikweza kutsogolo ndi jeke n'kupotoza mawilo ndi manja kuti tione ngati pali chitsulo chopindika kapena chogwira pambuyo pogunda chulu. Zonse zinkayenda mosalala. Fyuzi inali yamoyo. Ndinaimbira foni munthu wina wa ku Lusaka amene amati amadziwa magalimoto amenewa. Ndisanamalize kufotokoza anali atanena kale kuti chiwongolero chonse chafa, ndiikweze pa lole, asinthe zonse, ndipo anatchula ndi mtengo womwe. Ine ndine wa malonda. Munthu amene watchula mtengo asanaone katundu sakugulitsa nzeru, akugulitsa njala yake.

Ndinakhala pakhonde la shopu n'kuganiza monga wa malonda. Katundu akaonongeka, sufunsa kuti ndani amadana nawe. Umafunsa kuti anadutsa m'manja mwa ndani komaliza ali bwino. Galimoto inali bwino popita kumaliro. Inayamba kuvuta pochoka kumaliro. Pakati pamenepo ndani anaigwira? Ba Esinati anali m'bokosi. Amalume anali pamphasa akulira. Amene anatsegula boneti, atanyamula mwala m'manja, ndinali ine.

Ndinaiyatsa galimoto kuseri kwa shopu, pamthunzi, itayang'ana khoma. Ndinayatsa nyali, fani ndi wailesi, ndiye ili chiimire ndinapotoza chiwongolero mwamphamvu mpaka kumapeto. Nyali za pakhoma zinafooka ngati kandulo yawombedwa ndi mphepo. Wailesi inakhala chete. Kanyali kachikasu kanayaka, chiwongolero n'kuuma m'manja mwanga. Pa boma, dzuwa lili pamutu, manda ali kutali, pafupi pali mai wokazinga vitumbuwa basi. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, ndipo sikunali kuseka kwa chimwemwe.

Ndinaitana ba Mulenga, mnzanga amene amaika masola m'nyumba za anthu, kuti abwere ndi mita yawo yoyezera moto. Iwo ndi Mbemba, ine bambo anga anali a kum'mawa, ndiye ndi ambuya anga, timanyozana mwaufulu. Atangoona mu boneti anagwira m'mutu. Teminolo inali itachita ufa woyera ndi wobiriwira, msomali unali wakuda ndi kupsa, ndipo zonse zinkagwedezeka ukakhudza ndi chala.

"Imwe odya mbewa," anatero, "galimoto mwaikhoma msomali ngati chitseko cha chimbudzi?"

Ndinawauza kuti ayeze moto, za anyani amene anadya m'mawa, paja Abemba timawanyoza nazo zimenezo, tikambirana pambuyo pake. Anayeza. Galimoto itazima, batire silinkafika n'komwe pa thwelofu, mlingo wa moto umene liyenera kupitirira pang'ono. Titaiyatsa, ine n'kupotoza chiwongolero, manambala pa mita anagwa ngati mtengo wa tomato nthawi yokolola. Nkhani yonse inaonekera poyera. Kamota ka chiwongolero kamadya ku batire laling'ono lija, osati lalikulu. Kamadya kwambiri ukamakhota mwamphamvu uku ukuyenda pang'onopang'ono. Pa tala sukhota kwenikweni, ndiye njala yake siioneka. Koma pa kona ya kumanda timabampu tinkayamba tagwedeza msomali, kenako kona inkafuna moto wambiri nthawi imodzi, ndipo moto ukachepa galimoto imasiya kukuthandiza kupotoza. Batire lalikulu limadyetsa laling'onolo galimoto ikayaka, inde, koma lija linali litafa kale mkati chifukwa chokamidwa pamaliro, ndipo chakudyacho chinkadutsira pa msomali wadzimbiri.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi chifukwa cha kuphweka. Tinazimitsa galimoto, tinayamba kumasula waya wakuda, kenako wofiira. Tinatsuka ufa uja ndi madzi otentha osakaniza soda, tinapala mpaka chitsulo chinawala, tinaika teminolo yatsopano ya nati yake, tinalimbitsanso waya wakuda pamene umagwira thupi la galimoto, tinaika batire latsopano. Mawaya okhuthala a mtundu wa lalanje sitinawakhudze, ndipo inunso musadzawakhudze, amenewo ndi a batire lalikulu ndipo amapha. Titaiyatsa n'kupotoza uku ndi uku, kanyali kachikasu kanazima, chiwongolero chinayenda ndi chala chimodzi. Ba Mulenga anafuna kutenga batire lakale ndi msomali akataye. Ndinakana. Ndinati amenewa ndi mboni zanga.

Lamlungu ndinafika abale atakhala kale pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa amalume. Amalume anali atawakhazika paokha, chapatali, ngati munthu wa chifuwa chachikulu. M'nyumba ndinaona katundu wawo atamangidwa kale mu chitenje, mapampu ndi masipanala zili m'thumba. Anali atakonzeka kuchoka osadikira sing'anga, kuti asamwetsedwe zinthu pamaso pa ana.

Sindinadikire kupatsidwa mpata wolankhula, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko n'kupanda ulemu. Ndinaimika galimoto pakati pa bwalo, ndinatsegula boneti, ndinabwezeramo batire lakale ndi msomali wake anthu onse akuona. Ndinapempha ba Yotamu kuti akhale pampando wa woyendetsa. Anakana, ndinawakakamiza monga ndimakakamizira kasitomala amene wagwira kale katundu. Anapotoza, chinawaumira, wailesi inazima. Anatulutsa manja msanga ngati agwira njoka. Ndinasintha, ndinaika latsopano, ndinamanga nati. Anapotozanso, chinayenda ngati madzi.

"Pano si pamanda," anatero ba Yotamu.

Ananena zoona, ndipo ndinali nditayembekezera zimenezo. Ndinapita kwa amalume, ndinagwada, ndinawapempha kuti akwere kutsogolo. Anandiyang'ana, kenako ananyamuka. Ba Yotamu ndi akuluakulu awiri anakhala kumbuyo, anthu ena onse anatsatira wapansi. Tinatsika, timabampu tinatigwedeza, tinafika pa mubanga, ndinakhota ndi dzanja limodzi, lina lili panja pa windo. Ndinatembenuka n'kudutsanso. Ndinabwereza mpaka amene anali wapansi anatopa ndi fumbi. Wailesi inali kuimba nyimbo za kwaya osadukiza.

Nditaima ndinatuluka, ndinakweza msomali uja m'mwamba. Ndinawauza kuti ngati akufuna mfiti, ndi ine, ndipo chithumwa changa ndi ichi. Ndinati ine ndi amene ndinaukhoma, ine ndi amene ndinanama za kamphepo kozizira kuti shuga ayende, ine ndi amene ndinang'amba mlomo wa mwana wanga. Sing'anga akabwera ayambe ndi ine, ndipo amene akufuna kuchotsa amalume pamudzi pano anyamule kaye ine ndi galimoto yanga yomwe. Sindinabweze mawu ngakhale amodzi.

Ba Yotamu sanapepese. Anayang'ana kumanda, anati, "Koma mlongo wanga wapitabe," ndipo analira ngati mwana. Pamenepo panalibe nati yomanga. Amalume ndi amene anatsika m'galimoto n'kukaima pafupi nawo, osawagwira, onse awiri akuyang'ana mulu womwewo wa dothi. Sing'anga sanaitanidwe. Chitenje chija chinamasulidwa.

Musaganize kuti zonse zinabwerera mwakale. Njinga zinabwerera pakhomo pa amalume pang'onopang'ono, ndipo pali mabanja ena amene mpaka lero amakankha njinga yobooka kupita nayo kutali m'malo mowapatsa. Pali anthu amene amati mudala uja anangomasula mankhwala ake ataona kuti zavuta. Bodza ndinaligulitsa kwa anthu ambiri, koma pobweza katundu anabwera ochepa. Misozi ali ndi kachipsera pamlomo, ndipo akamwetulira ndimakaona.

Ndiye inu owerenga, makamaka amene mwayamba kugula magalimoto amenewa, imvani kwa munthu amene anapsa. Chiwongolero chikayamba kulemera, ngakhale kamodzi, musauze mkazi wanu kuti alimbitse manja. Imikani galimoto. Onani mpweya wa m'matayala, onani fyuzi, koma koposa zonse pitani pa batire laling'ono, muligwedeze mitu, muliyeze ndi mita uku wina akupotoza. Nyali zikamafooka pokhota, wakuba ali pamenepo. Zonsezo zikakhala bwino koma vuto lilipobe, mpamene mungapite kwa odziwa kamota kake, ndipo aone kaye asanatchule mtengo. Pamaliro pitirizani kubwereketsa, mwambo umenewo ndi wabwino ndipo ine sindinausiye. Ndinagula batire lina lapadera limene limayenda maliro onse a kwathu. La m'galimoto silitulukanso, ngakhale atamwalira ndani. Ndipo chinthu chikakuvutani, tsegulani boneti musanatsegule pakamwa, chifukwa chitsulo chimakonzeka masana amodzi, koma dzina la munthu silikhala ndi sipeya.

Amene mumati ndigulitse firiji yanga ya mawilo, ndakuyankhani kale. Msomali uja ndinaupachika m'shopu pamwamba pa sikelo, ndipo alipo amene anafunsa mtengo wake poganiza kuti uli ndi mphamvu. M'moyo wanga wonse ndi katundu yekhayo amene ndinakana kunenerera.

Lamlungu lija pobwerera kuchoka pakona, ndinawafikitsa amalume pakhomo pawo. Ndinazimitsa galimoto, ndikuyembekezera kuti mwina anena kuti zikomo, kapena kuti andikhululukira. Anatsegula chitseko, anatsitsa mwendo umodzi, n'kutembenuka.

"Galimoto wamanga bwino, mphwanga," anatero. "Ukapitanso ku Lusaka, ufunse ngati ali ndi nati ya pakamwa pako. Usanenerere mtengo. Ndidzalipira ine."